MSEU WA KU WATERFALLS NDI ZIPATA ZACE ZA MSONKHO

Munthu ali yense wa ku Malawi kapena wa ku Zambia amene anapitako ku Johannesburg pa basi yodzera ku Harare, mseu wa ku Waterfalls anaupondapo, cinkana dzina lace sanalifunse. Waterfalls ndilo dera la nyumba kumwera kwa mzinda wa Harare, kufupi ndi Mbare, Highfield ndi Glen Norah, kumene ana ndi adzukulu a anthu a ku Nyasaland akali kukhala kufikira lero. M'mbali mwace mwapita mseu waukulu wa Simon Mazorodze, umene kale unali kuchedwa Beatrice Road, ndipo ndiwo mseu wonka ku Masvingo ndi ku Beitbridge, ulendo wa makilomita ngati 580. Kumapeto kwa Waterfalls kuli mphambano yochuka ya Mbudzi, dzina la Cishona lotanthauza mbuzi, pakuti pamalopo anthu anazolowera kugulitsirapo mbuzi. Patsogolo pang'ono pali cipata ca Skyline, pamene galimoto ili yonse iima ndi kulipira msonkho wa mseu.

Zipata zotere, zimene oyendetsa magalimoto amazicha matologeti, zaculuka tsopano m'Zimbabwe, m'Zambia ndi m'Malawi momwe, ndipo m'maiko ena munthu wolandira ndalama pacipata anacokapo, m'malo mwace munalowa makina. Nkoyenera tsono kuti omvera adziwe kumene mwambo umenewu unacokera, m'mene makinawo agwirira nchito, ndi cifukwa cace zipata zina zakhazikika pamene zina, zokhala ndi makina oposa, zinagwa.

MASIKU A NGOLO NDI A ULERE

Mseu umenewu unayamba ndi mkwaso wa ngolo za ng'ombe. M'caka ca 1890 gulu la Azungu otumidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes linakwera kucokera kumwera, linamanga linga pa Fort Victoria, pamene lero pali Masvingo, ndipo pa 12 September linafika pamalo amene linawacha Fort Salisbury. Mseu wa lero ulondola pafupi ndi m'mene ngolozo zinadzera. M'caka ca 1929 anatsiriza mlatho wa pa Limpopo ndi cuma cimene anasiya Alfred Beit, ndiwo unapatsa dzina mudzi wa Beitbridge. Ndipo cuma comweco cinamanga mlatho wa pa Chirundu m'caka ca 1939. M'zaka za m'ma 1930, ndalama zitasowa, boma la Southern Rhodesia linapeza nzeru yakuthira phula m'timizere tiwiri tokha, kamzere kamodzi ka gudumu la kumanja, kena ka gudumu la kumanzere. Magalimoto awiri akakomana, ili yonse inali kusiyira inzace kamzere kamodzi ndi kutsitsa magudumu awiri m'pfumbi.

Anthu akuda ocokera kumpoto sanadziwe timizere timeneti msanga, popeza iwo anali kudza pansi. Amuna a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson anali kuyenda masabata ambiri kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, ndi kulowa Rhodesia ca ku Mutoko, ali ndi ufa pang'ono ndi bulangete pamutu, m'njira ya zilombo ndi njala. Ambiri a iwo sanabwerere kwao, ndiwo amene anachedwa machona. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la ku Salisbury linaika malole onyamula anthu ofuna nchito popanda kulipira, pamodzi ndi zithando zogonamo ndi cakudya ca panjira, ndipo anthu anawacha malolewo Ulere. Koma ulerewo unali wa pakamwa cabe. Boma linali kulipira cifukwa minda ya fodya ndi migodi zinali kulira manja. Ndipo wokwerayo anali kubweza ndi thukuta lace pa malipiro ocepa, kwinaku kwao akumdikira ndi msonkho wa nyumba. Kuyambira masiku amenewo mseu waulere sunakhalepo. Cimene cimasinthika ndico munthu wolipira ndi malo olipirira.

CIPATA NDI CINTHU CAKALE

Kulipiritsa wapaulendo sikunadze ndi galimoto ai. Makolo anali kupatsa kanthu mwini bwato pa dooko, ndipo amalonda a minyanga anali kusiya nsalu ndi mikanda kwa mfumu ya dziko limene anali kupitamo. Ku England lamulo loyamba lakuika cipata pa mseu waukulu, kuti ndalama zace zikonzere mseuwo, linapangidwa m'caka ca 1663, ndipo patapita zaka 150 zipata zinali mbwee m'dziko lonselo.

Kumeneko kunaonekanso msanga bvuto limene litsata zipata kufikira lero. Ku Wales alimi osauka anaona kuti zipata zaculuka koposa, mitengo yakwera, koma miseu ili cikhalire ndi matope ace. Kuyambira 1839 kufikira 1843 amuna anali kubvala zobvala za akazi usiku, kuti asazindikirike, ndi kuthyola zipatazo ndi nkhwangwa; mtsogoleri wa gulu lili lonse anali kuchedwa Rebecca. Boma linatuma asilikali, koma pambuyo pace linafufuza mlanduwo, ndipo m'caka ca 1844 linakonza lamulo ndi kucepetsa msonkho. Sitima ya pamtunda itafika, zipata za ku Britain zinafa pang'onopang'ono.

Galimoto ndiyo inaziukitsa. M'caka ca 1924 dziko la Italy linatsegula mseu wa magalimoto okhaokha wocokera ku Milan kunka ku Varese, wolipira. Ndipo ku America anatsegula Pennsylvania Turnpike m'caka ca 1940. Pamenepo panabadwa cododometsa: anthu amanga mseu wa liwiro ndi ndalama zambiri, ndipo pakati pace aikapo mtanda woimitsa galimoto ili yonse kuti munthu awerenge makobiri. Magalimoto akaculuka, nthawi imene mseu wabwino unapulumutsa imathera pa mzere wa pacipata.

MAKINA ALOWA M'MALO MWA DZANJA

Woyamba kulongosola mankhwala a bvutoli anali William Vickrey, mphunzitsi wa za cuma ku America, amene m'caka ca 1959 anauza akulu a mzinda wa Washington kuti galimoto ili yonse ikhale ndi kacipangizo kodziwitsa nambala yace kwa makina a m'mbali mwa mseu, ndipo mwini wace azilandira bilu monga alandira ya magetsi. Anthu a nthawiyo anayesa maloto. Panapita zaka 28 kuti cinthuco cioneke ndi maso, ndipo cinaonekera ku Ålesund, mudzi wa asodzi m'dziko la Norway, m'caka ca 1987. Mzinda wa Dallas unatsata mu 1989, Italy inayamba Telepass mu 1990, ndi Portugal inayamba Via Verde mu 1991.

Kagwiridwe kace ka nchito nkosabvuta kumva. Mwini galimoto amayamba waika ndalama kwa eni mseu, ndipo iwo ampatsa kabokosi konga ka macesi kapena kapepala komata pa galasi la kutsogolo. Pamwamba pa mseu apingasa citsulo, ndipo pacitsulopo pali wailesi yaing'ono imene imafunsa galimoto ili yonse yopita pansi pace. Kabokosi kaja kamayankha ndi nambala yace m'kuphethira kwa diso, kompyuta imazindikira mwini wace ndi ukulu wa galimotoyo, ndi kucotsa msonkho pa ndalama zimene anaika. Galimoto yopanda kabokosi, kamera imajambula nambala yace, ndipo bilu imamtsata mwini wace kunyumba. M'caka ca 1997 kufupi ndi mzinda wa Toronto anatsegula mseu wa 407 wopanda kanyumba kolipirira ngakhale kamodzi. Mu 1998 Singapore inayamba kusintha mtengo monga mwa nthawi, wokwera m'mawa pamene onse athamangira ku nchito, wotsika pamene mseu uli pululu. Mu 2005 Germany inayamba kulipiritsa malole akulu mwa kuyesa ndi setilaiti mtunda umene ayenda.

Makina omwewo anapatsa mseu maso ndi pakamwa. Mawaya okwiriridwa m'phula amawerenga magalimoto ndi liwiro lao. Masikelo obisika amayesa kulemera kwa lole ili ciyendere. Makamera amaonetsa ngozi kwa alonda okhala m'cipinda cakutali, ndipo iwo amasintha mau a pa zikwangwani zamagetsi, kucenjeza oyendetsa kuti acepetse liwiro kapena apatukire kwina. Ku England, pa mseu wa M42 kufupi ndi Birmingham, m'caka ca 2006 anayamba kulola magalimoto kuyenda m'mphepete mosungidwira galimoto yofa, pa nthawi ya piringupiringu. Koma pamene anacotseratu mphepetezo pa miseu yina, anthu ena anafa atagundidwa m'galimoto zoima, anthu anataya cikhulupiriro, ndipo mu April 2023 boma la Britain linaleka kumanga miseu yatsopano ya mtundu umenewo.

ZIPATA ZIFIKA PA MSEU WA KU MASVINGO

Pa mseu wocokera ku Waterfalls msonkho unayambira kumathero kwace. Mlatho wa 1929 utacepa, kampani ya New Limpopo Bridge inamanga wina ndi ndalama zace, unatsegulidwa mu 1995, pa pangano lakuti idzalipiritsa ooloka zaka 20 ndi kuupereka kwa boma. Ndipo unaperekedwadi mu 2014. Lamulo la miseu la 2001 linakhazika bungwe la ZINARA losunga thumba la ndalama zokonzera miseu. Koma m'caka ca 2008 ndalama ya Zimbabwe inasanduka mapepala, kotero kuti mu January 2009 banki yaikulu inatulutsa pepala limodzi la madola 100,000,000,000,000. Thumba lija linauma, phula linasweka, ndipo mseu wa ku Masvingo, wopapatiza ndi wodzala malole, unachuka ndi maenje ndi maliro.

Cifukwa ca ici mu August 2009, dziko litayamba kugwiritsa nchito madola a ku America, boma linaika zipata 22 pa miseu yaikulu, ndipo Skyline ndiyo inayang'ana mseu wa kumwera. Poyamba zinali zipata za dzina lokha: anthu a ZIMRA, bungwe lokhometsa misonkho, anali kuima pakati pa mseu, dzuwa ndi mvula zili pamutu, buku la malisiti lili m'manja. Galimoto yaing'ono inali kulipira dola imodzi, lole yaikulu madola 5. Ndalama yopita m'manja ambiri imapungukira m'njira, ndipo panalibe njira yoyesera ngati magalimoto opita alingana ndi malisiti olembedwa. M'caka ca 2013 ZINARA inatenga zipatazo ndi kuikamo makompyuta owerenga galimoto ili yonse, ndipo mu 2014 mitengo inawirikizidwa kawiri. M'zaka zomwezo mseu wocokera ku Plumtree kudzera ku Bulawayo ndi Harare kufikira ku Mutare unakonzedwa ndi ngongole ya madola 206 miliyoni yocokera ku Development Bank of Southern Africa, yobwezedwa ndi msonkho wa pazipata; ndipo pa Ntabazinduna, kufupi ndi Bulawayo, panamangidwa cipata camakono coyendera mphamvu ya dzuwa.

Cimene cinafulumiza makina m'Zimbabwe ndico kusowa kwa ndalama zogwira m'manja. Kuyambira 2016 mabanki analibe madola okwanira kupatsa anthu, ndipo oyendetsa anayamba kulipira ndi khadi la ku banki, ndi EcoCash ya pa foni, kapena ndi khadi la ZINARA loikiratu ndalama. Njira zimenezi zinatseka ming'alu yina, koma zinatsegula bvuto lacilendo: netiweki ikagwa, cipata conse cimaima. Pa masiku a Khrisimasi, pamene a ku Joni abwerera kwao ndi katundu wosanjikiza pa ngolo za kumbuyo, mzere wa pa Skyline umatalika kwambiri. Ndiponso mzinda wakula kufikira pacipatapo, kotero kuti anthu ena amalipira msonkho wa ulendo pongopita ku nchito m'tauni, ndipo boma linalengeza maganizo akucisunthira patsogolo. ZINARA yayamba kuyesa pa zipata zina timabokosi ta pagalasi tija, kuti mtanda uzitseguka wokha galimoto ikamafika.

CIMENE CINAONEKA KU GAUTENG

Mseu womwewu ukaoloka Limpopo umasanduka N1, ndipo kumathero kwace kunacitika cinthu cimene maboma onse a kuno ayenera kucisinkhasinkha. Pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010, bungwe la SANRAL linakulitsa miseu yozinga Johannesburg ndi Pretoria ndi ndalama zangongole, ndipo linapingasa zitsulo zoposa 40 pamwamba pa miseuyo, zopanda mtanda, zopanda kanyumba, makina ofanana ndi a ku Ulaya. Zinayamba kulipiritsa pa 3 December 2013.

Makinawo anagwira nchito yao bwino lomwe, koma anthu anakana kulipira. Anati sanafunsidwe mokwanira. Anati msonkho wa mseu amalipira kale pa mafuta. Anati miseuyo njakale, yopitira ku nchito tsiku ndi tsiku, ndipo njira yina yabwino palibe. Anatinso gawo la ndalamazo lili kunka kwa kampani ya ku Austria yoyendetsa makinawo. Bungwe la anchito la COSATU, atsogoleri a mipingo ndi gulu la OUTA anagwirizana pa mau amodzi. Popeza panalibe mtanda woimitsa munthu, mabilu anangounjikana, ndipo kuzenga mlandu anthu mazanamazana a zikwi kunali kosatheka. Usiku wa pa 11 April 2024 boma linazimitsa makinawo. Zitsulozo zikali ciimire pamwamba pa mseu. Komabe pa N1 yemweyo, pa zipata za Baobab, Capricorn, Nyl ndi Kranskop, oyendetsa amalipira monga kale, ambiri ndi kabokosi komweko ka pagalasi. Anthu a ku Gauteng sanakane kabokosi. Anakana msonkho umene sanaubvomereze, monga anacitira alimi a ku Wales kale lija. Akulu anati, caona mnzako capita, mawa cili kwa iwe.

MBUDZI ISANDULIKA

Ku Zimbabwe funso lakuti ndalama za pacipata zimanka kuti silinagone. Ofufuza mabuku a ZINARA anapeza zolakwika zambiri pa kaperekedwe ka makontrakiti ndi kamwazidwe ka ndalama, ndipo nkhaniyo inakambidwa m'Nyumba ya Malamulo m'caka ca 2019. Zaka zonsezo woyendetsa anali kulipira pa Skyline ndi kugwera m'dzenje asanapite patali. Pangano lopatsa kampani ya ku Austria nchito yomanga mseu wa Harare ndi Beitbridge linathetsedwa mu 2018 isanaoneke nchito, ndipo pambuyo pace boma linagawira mseuwo makampani asanu a m'dziko momwemo, amene anaukulitsa ndi kuuthira phula latsopano cigawo ndi cigawo.

Pa Mbudzi, pamene mseu wa Simon Mazorodze ukomana ndi wa High Glen ndi wa Chitungwiza, panali pozungulira pamodzi pokha, ndipo malole a ku Durban, mabasi a ku Joni, makombi ndi amalonda anali kupanikizana pamenepo kwa maola. Mu 2022 malowo anatsekedwa; nyumba zina zinagwetsedwa, amalonda anasamutsidwa, ndipo magalimoto anapatutsidwira m'miseu ya m'Waterfalls ndi m'madera oyandikana, eni nyumba napirira pfumbi ndi phokoso zaka zitatu. Pa 30 May 2025 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anatsegula mphambano yatsopano ya milatho 15 yosanjikizana, ya mtengo wolengezedwa wa madola 88 miliyoni, ndipo inachedwa Trabablas; koma pakamwa pa makondakitala dzina la Mbudzi silinacoke. Za mtengowo anthu anatsutsana, ndipo kutsutsanako nkwabwino, pakuti wolipira ayenera kufunsa.

MAIKO A KUMPOTO

Zambia inayamba kulipiritsa malole pa masikelo mu November 2013, ndipo mu 2016 inatsegula zipata za magalimoto onse pa Manyumbi ndi pa Kafulafuta. Za Shimabala ndi Katuba, pa miseu yotuluka m'Lusaka, zinatsata mu 2017, ndipo bungwe la National Road Fund Agency linatulutsa khadi loikiratu ndalama. Ku Tete wooloka Zambezi amalipira pa mlatho wa Samora Machel, kapena pa wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Malawi inadza pambuyo: cipata ca Chingeni pa mseu wa M1 cinatsegulidwa mu November 2021, ca Kalinyeke ku Dedza mu January 2022, ndipo mitengo yoyamba inatsitsidwa anthu atadandaula.

Nkhani imeneyi si ya eni magalimoto okha. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi maiko opanda nyanja yamcere, ndipo katundu wambiri wocokera ku Durban ndi ku Johannesburg amakwera mseu wa ku Waterfalls asanafike ku Blantyre kapena ku Lusaka. Mwini lole amaphatikiza msonkho wa cipata ciri conse pa mtengo wonyamulira, ndipo tsiku limene lole yataya pa mzere amaliwerengeranso momwemo. Cotero mai wa ku Ntcheu wogula sopo, ndi mlimi wa ku Katete wogula feteleza, amalipira pa Skyline cinkana sanacione cipataco, monga agogo ao analipira malole a Ulere osatulutsa kobiri.

Walira mvula walira matope: wofuna mseu wosalala asadabwe pomfunsa msonkho. Koma pangano lili ndi mbali ziwiri. Makina akhoza kucotsa mzere, kutseka dzanja la wakuba, ndi kuwerenga galimoto ili yonse osaphonya. Ndipo popeza amawerenga cotero, eni zipata alibenso cowaletsa kuuza anthu poyera ndalama zimene zalowa pa cipata ciri conse mwezi ndi mwezi, ndi mseu umene zakonza. Kumene zimenezi zicitika, woyendetsa amang'ung'udza koma amalipira. Kumene zibisika, mbiri ya ku Wales ndi ya ku Gauteng yaonetsa kale mathero ace.